Matope a Nachanza ndi Mchere wa Nsembe

Padangokhala, ndipo inu sendezani mipando kuno, kale lija nyama zikadali ndi mafumu, nduna ndi mabwalo a milandu. M'dziko la mfumu Ntchefu munali mayi wina wamasiye wa mtundu wa nkhanu, dzina lake Nachanza. Ntchito yake inali yotcheza mchere.

Amene simunaonepo mchere ukutchezedwa, ndikuuzeni. Nachanza ankapala dothi lamchere, lija eni ake amalitcha chikungu, n'kulithira mumphika wobowola pansi, woyalamo udzu ndi mchenga. Pamwamba ankathirapo madzi. Madziwo ankadontha tho, tho, tho, matope n'kutsalira mumphika, ndipo iye ankawaphitsa mpaka mchere utaoneka mbee. Luso limeneli anatengera kwa amayi ake, amayi akewo anatengera kwa amayi awo, ndipo manda a onsewo anali pompo, m'mphepete mwa chikungucho. Ine mayi ameneyu ndimamunyadira, sindibisa ayi. Koma kunena zoona, sankaoneka bwino. Matope anali kumsana, m'manja ake opanira aja, mpaka pa timaso take titalititali, ndipo akamadutsa pabwalo ena ankabweza miyendo yawo kuti asawadetse.

Tsono dziko limenelo linali ndi mwambo wake. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, ankapereka nsembe kukachisi, ndipo mizimu yakumeneko inali yovuta. Sinkalandira chinthu chosakaniza. Inkafuna chinthu chokhachokha, cha mtundu umodzi kunja ndi m'kati momwe, chopanda mlendo wobisalamo. Lamulo lachiwiri linali lakuti cha nsembe salawa. Ukachikhudza n'kunyambita chala, nsembe yafa, ndipo iwe usamuke m'dziko. Zaka zonsezo nsembe inali mchere wa kwa Nachanza, ndipo chifukwa cha nsembeyo chikungu chinali cha banja lake.

Nduna yaikulu ya mfumu inali Kakowa, woyera mbee, wakhosi lalitali, woyenda monyang'wa ngati pansi pamulakwira. Chakudya chake chinali nkhupakupa za pamsana pa Njati ndi abale ake, koma izi sankafuna kuti zizitchulidwa pagulu. Vuto lake linali lakuti njatizo zinkayenda mitunda italiitali kukafuna ponyambita mchere, iye n'kumazitsatira mpaka mapiko kuwawa. Ndiye anaganiza mumtima kuti chikungu chikakhala cha Njati, chakudya chake chizigona pakhomo.

Mwezi wa nsembe utaoneka, Kakowa anaimirira pabwalo n'kukonza nthenga zake.

"Zikomo amfumu. Ine ndili ndi kafunso kakang'ono. Kodi choyera chingatuluke m'manja akuda?"

Ntchefu anali mayi wokalamba, wofatsa, wokonda mchere kuposa milandu. Chofooka chake chinali chimodzi: amene walankhula komaliza ndiye ankaoneka wolondola kwa iye.

"Mukunena yani, a nduna?"

"Tamuonani mayi uyo! Mizimu ikunyansidwa naye. Si paja mvula ya chaka chatha inachedwa?"

"Inachedwa masiku anayi okha, bambo," anatero Nachanza, "ndipo itabwera munathawira pakhonde panga."

Bwalo linaseka. Kakowa anaumitsa khosi.

"Ndipatseni mpata katatu, amfumu, monga nduna yanu. Ndibweretsa chinthu choyera chenicheni. Mayiyu akalephera kuchigawa n'kutionetsa mlendo amene ali m'katimo, chikungu chiperekedwe kwa Njati. Akagawa zonse zitatu, nayenso ationetse chake tsiku lomwelo, ine ndichiyese. Akapanda kuonetsa, asamuke basi."

"Zikumveka," anatero Ntchefu. "Mayi Nachanza, mukutipo chiyani?"

"Ndavomera, amfumu. Mchere uli kunyumba, mitsuko itatu yodzaza."

"Eya, komanso," anatero Kakowa msangamsanga, "mwini mlandu sakhala pamalo a mlandu. Mayiyu akhale kuno kwanu, asakasinthe zinthu. Njati akalondere pachikungupo mpaka nkhaniyi ithe."

"Zikumvekanso," anatero Ntchefu.

Mlonda wa mchere wokhala ndi lilime lotalika mkono! Pofika masana a tsiku lotsatira, mitsuko itatu ija inali mbee, yonyambitidwa mpaka pansi, ndipo miphika yonse yotchezera inali mapale okhaokha pansi pa ziboda. Uthengawu anabwera nawo Pumbwa, mbalame yomwe pakamwa pake panalibe chitseko. Nachanza analira. Analira kwambiri, chifukwa mphika waukulu unali woumba amayi ake, ndipo zidindo za manja awo zinkaoneka m'mbali mwake. Atapita kukadandaula, Kakowa anayankha kuti mlonda salondera ndi njala, ndipo Ntchefu anapukusa nyanga mwachisoni n'kunena kuti pangano ndi pangano. Apa m'pamene Nachanza anauona msampha wonse. Ngakhale atagawa zinthu zitatu za nduna, iye analibe choonetsa, analibe chotchezera, ndipo kwawo sankaloledwa kupondako.

Anapukuta misozi, matope n'kufalikira nkhope yonse, ndipo anakhala pansi kudikira.

Tsiku loyamba Kakowa anabwera ndi dengu la ufa woyera, wopera bwino, wofewa. Analiika pakati pa bwalo n'kulizungulira kawiri.

"Onani nonse. Pali kadontho apa?"

"Palibe!" linayankha bwalo.

"Ndibwerekeni lichero," anatero Nachanza.

"Koma usaukhudze ndi manja akowo."

"Ndigwira m'mphepete mokha, bambo. Thirani nokha."

Kakowa anathira. Nachanza anayamba kugwedeza lichero, uku akuyimba nyimbo ya otcheza mchere. Inali nyimbo yofunsa chinthu ngati chili chokha m'nyumba, ndipo pobwereza pake inkaitana mlendo wobisala kuti atuluke, eni mudzi amupatse moni. Nyimboyi imafuna ovomera oomba m'manja kawiri, koma tsikulo palibe anavomera. Anayimba yekha, ndi mawu osasa.

Ufa wofewa unathawira kumbuyo kwa lichero. Kutsogolo kunasonkhana misere, kenako timadeya tofiirira, kenako timchenga tochokera pamphero. Pomaliza mulu wa misere unagwedezeka wokha, ndipo munatuluka Nankafumbwe, mkazi wake, ndi ana asanu ndi awiri, onse akudzikunkhumula ufa.

"Mwaswera bwanji, amfumu?" anatero Nankafumbwe mwaulemu. "Ife timakhala momwemu kuchokera nthawi yokolola."

Nyama zinagwa nako kuseka. Ngakhale Ntchefu anabisa nkhope kuseri kwa mwendo.

"Alendo anu awo, a nduna," anatero Nachanza. "Mwati ndi zingati zatsala?"

"Ziwiri," anatero Kakowa mlomo uli gwa, "ndipo yachiwiriyo ukaipeta undiuze."

Tsiku lachiwiri anabwera ndi chipanda cha mkaka wa mkazi wa Njati, wokama m'mawa womwewo, ukadali wofunda. Anauthira m'mbale yaikulu kuti onse auone.

"Uwu ulibe nankafumbwe. Ulibe mwala. Kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi woyera chimodzimodzi. Tenga lichero lako tione."

"Uwu sindiukhudza n'komwe," anatero Nachanza. "Uvundikireni, muuike padzuwa masiku awiri. Ndipo muulondere nokha, bambo, mungadzati ndathiramo kanthu."

Kakowa analondera. Anaima pambali pa mbaleyo masiku awiri athunthu, mwendo uwu ukatopa n'kuimira winawo, akuthamangitsa ntchentche ndi mapiko. Nachanza anakhala patali pamthunzi n'kumayimba nyimbo yake ija, yofunsa mkaka ngati uli wokha m'nyumba. Ulendo uno amayi angapo anayamba kuvomera, poyamba chapansipansi, kenako ndi manja omwe. Kakowa akawayang'ana ankasiya, akatembenuka ankayambiranso.

Masiku awiriwo atakwana anavundukula. Pamwamba panali mafuta achikasu. Pakati panali chambiko cha mibulumibulu. Pansi panali madzi otuwa, onunkha chisasa.

"Atatu m'nyumba imodzi," anatero Nachanza. "Anangogwirana manja kuti aoneke ngati mmodzi. Dzuwa litawatentha, aliyense wakumbuka kwawo."

"Mkaka wanga unali wabwinobwino!" anakuwa mkazi wa Njati.

"Ndi wabwino ndithu, amayi, ana amakula nawo. Kungoti si wokhawokha."

Kakowa anachoka osatsanzika. Anali ndi mpata umodzi wotsala, ndipo anatumiza mawu opempha masiku awiri oti aganize.

Mawa lake masana Pumbwa anapeza Nachanza atakhala kuseri kwa nkhokwe ya mfumu, timaso tili pansi, manja ali lende.

"Achemwali, mwapambana kawiri konse. Nkhope yagweranji?"

"Ha, mng'ono wanga. Kodi mungasunge chinsinsi inu?"

"Ine? Mpaka kumanda!"

Nachanza anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Kuseri kwa nyumba yanga kuli mwala waphanthiphanthi. Pansi pake pali kachitsime kamene anakumba amayi anga. Madzi ake, mng'ono wanga, ukatunga umayesa chikho chilibe kanthu. Tsono ndiuzeni inu. Ufa ndinapeta. Mkaka unasasa. Nanga madzi ungawapete bwanji? Ukawaika padzuwa angasase?"

"Sangasase," anatero Pumbwa, maso ali tong'o.

"Ndiye chonde, a nduna asamve."

Onani, bodza sananene. Kungoti mawu amodzi anawasiya m'kamwa. Kachitsimeko amayi ake anakakumba kumunsi kwa chikungu, n'kukayala mchenga wosefa, kuti madzi a mchere azisonkhanamo okha, osefedwa kale. Anali oyera kuposa misozi, koma mchere wake unali woti ukalawa lilime limakwinyika.

Pumbwa anasunga chinsinsicho kuchokera pankhokwe kukafika pamtengo woyamba. Dzuwa lisanapendeke, Kakowa anali atamva zonse, mpaka ndi za mwala womwe.

Anauluka ulendo wa kuchikungu. Njati anakankha mwala uja ndi nyanga, ndipo pansi pake panaoneka kabowo kakang'ono koti mlomo wa njati sukanalowamo. Kakowa anamangirira kachikho kubango n'kutunga. Atayang'ana m'chikhomo, anaseka yekha.

"Mayi uja watha."

"Ndimweko pang'ono, achimwene," anatero Njati. "Mchere tinanyambita uja wandiumitsa kukhosi."

"Choka apo! Cha nsembe salawa. Ukufuna utisamutse tonse?"

Anatunga, anatunga, mpaka anadzaza mtsuko waukulu kwambiri umene anaupeza, chifukwa ankafuna kuti ngakhale okhala kumbuyo kwa bwalo adzaone. Potunga chikho chomaliza, kadontho kamodzi kanamugwera pamlomo. Kakowa anatseka pakamwa kuti gwa, n'kuthamanga kukapukutira paudzu poopa mwambo. Lilime likanangotuluka pang'ono, nthano ino ikanatha moipa. Koma nduna inali yosunga malamulo, ndipo sinalawe.

M'mawa wa tsiku lomaliza bwalo linadzaza. Kakowa analowa atasenza mtsuko pamutu, khosi litapindika ndi kulemera, thukuta lili kamukamu, koma akumwetulira. Anathira madziwo m'mbale, ndipo nyama zinasuzumira n'kuona pansi pa mbale ngati mulibe kanthu.

"Madzi okhaokha," anatero. "Alibe mtundu, alibe fungo, alibe chitsotso. Mlendo angabisale pati? Amfumu, mukaona mayiyu akusowa chonena, musamuchedwetse. Akamange katundu."

Ntchefu anayang'ana Nachanza ndi chisoni.

"Mayi Nachanza, mungathe?"

"Ndiyesa, amfumu. Ndipatseni moto, mphika, mbale yovundikira, ndi chikho."

"Mphika ndibweretsa ndine," anatero Kakowa. "Watsopano. Nditsuka ndekha."

"Mwachita bwino, bambo."

Kakowa atabwera nawo mphikawo, anathiramo madzi aja n'kutereka. Nachanza anavundikira mphikawo ndi mbale moipendeketsa, n'kuika chikho kunsi kwa m'mphepete mwake. Madzi atayamba kuwira, nthunzi inkagunda mbale, n'kusanduka timadontho, timadonthoto n'kumatsetserekera m'chikho. Mbale ikatentha ankaisintha ndi ina yozizira. Apa mayiyu sanalinso wamlandu. Anali pantchito yake, ndipo manja ake ankadziwa okha nkhuni yoti asonkhezere ndi yoti aphule. Anayambitsa nyimbo ija, yofunsa madzi ngati ali okha m'nyumba, ndipo pofika poitana mlendo bwalo lonse linavomera, manja kuwomba kawiri ngati munthu mmodzi. Mbidzi zinkaponda pansi. Ana a Njati amene anabwera kudzaonera kusamuka kwa nkhanu anapezeka akuvomera nawo, amayi awo n'kumawatsina.

Madzi anatsika. Nachanza anawonjezera ena a mumtsuko. Anatsikanso, anawonjezeranso, mpaka mtsuko unatha. Dzuwa lili paliwombo anachotsa mbale n'kuitana mfumu.

"Tasuzumirani, amfumu."

Pamwamba pa madzi otsalawo pankayandama timibulu toyera, ndipo tina tinali titakhazikika kale pansi. Tinkachuluka aliyense akuona. Ntchefu anameza malovu momveka.

"Uwu ndi mchere," anatero. "Ine mchere ndimaudziwa."

Nachanza sanadikire kuti mphika uume. Anawola mcherewo ndi chipande, n'kuutsanulira timadzi ta m'chikho tija pang'ono, n'kuuyanika palichero. Pansi pa mphika anasiya timadzi tachikasu.

"Awa otsalawa ndi owawa," anatero. "Wotcheza wosadziwa amaumitsa mphika wonse, mchere wake n'kumawawa. Ndiye madzi anu, a nduna, anali ndi alendo awiri: mchere uwu, ndi chowawa icho."

Bwalo linaphulika ndi nthungululu. Koma Kakowa, ngakhale manyazi anamugwira mpaka m'nthenga, anakumbuka msampha wake. Anatambasula mapiko kuti phokoso lithe.

"Chabwino! Wagawa zitatu. Koma pangano likuti chiyani? Ationetse chake, lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Chili kuti? Wabwera chimanjamanja mayiyu!"

Onse ankadziwa za mitsuko yonyambitidwa ndi miphika yophwanyidwa. Nachanza anayenda pang'onopang'ono n'kukaima pambali pa lichero.

"Changa ndi ichi. Kwathu munandiletsa kupitako, ndiye mwanditengera nokha, pamutu. Zikomo kwambiri, bambo. Khosi silikuwawa?"

Pumbwa anagwa mumtengo ndi kuseka, kenako anazindikira mbali imene iye anagwirapo, n'kukhala chete.

"Ndi wanga umenewo!" anakuwa Kakowa. "Watuluka mumtsuko wanga!"

"Inu munati mwabweretsa madzi okhaokha. Onse amva. Madzi anu ndi awo ali m'chikhomo, ndakuchotserani alendo, tengani. Mcherewu simunkadziwa n'komwe kuti mwausenza. Ungakhale wanu bwanji?"

"Amfumu, mtsuko ndi wanga, mphika ndi wanga, ndipo ine ndine nduna!"

Kakowa ndiye analankhula komaliza, ndipo onse anadikira yankho lozolowereka lija. Koma Ntchefu maso ake anali palichero.

"Ayi, a nduna. Izi sizikumveka. Mchere ndi wa amene wautulutsa. Inu uyeseni, monga munanenera."

Kakowa anauyesa, ndipo ndimupatse ulemu wake, anauyesa ndi mtima wonse. Anauthira mumtondo n'kusinja mpaka unakhala ngati fumbi. Anaupeta. Kutsogolo kwa lichero kunali mchere, kumbuyo kunali mchere, ndipo palibe nankafumbwe anatuluka kudzapereka moni. Anauika padzuwa n'kuuyang'anitsitsa kuti mwina usasa. Unangonyezimira.

"Moto!" anatero. "Zimene wachita iye ndichita ine."

Anasungunula mcherewo ndi theka la madzi a m'chikho aja n'kutereka. Koma kusonkha moto sankakudziwa. Nkhuni ankazikankha ndi miyendo, utsi n'kumamukwera, iye n'kumatsokomola, mwaye uli bii kuyambira kuzala mpaka m'maondo. Nyama zinayamba nyimbo ija zokha, popanda woyambitsa, zikufunsa mchere ngati uli wokha m'nyumba, zikuitana mlendo kuti atuluke. Zinaitana, zinaitana. Madzi anaphwa, mphika unauma, ndipo munatsala mchere, wochuluka monga unalili poyamba, wopanda chachikasu, wopanda chakuda.

Nachanza anatola kam'bulu kamodzi ndi kaudzu n'kukaonetsa mfumu.

"Taonani, amfumu. Kali ndi ngodya zake ngati kanyumba. Tolani kena kalikonse, mupeza chimodzimodzi. A nduna anausinja, anausungunula, wabwerera ndi nkhope yake yomwe ija."

Kakowa, posowa pogwira, anathira mumphika wina madzi amene anatsala m'chikho, kuti mwina apeze cholakwa pamenepo. Madziwo anawira n'kuuluka onse. Pansi pa mphika panalibe ngakhale kachizindikiro.

"Nawonso tsopano ali okha," anatero Nachanza. "Chosakaniza chimagawika, bambo, chifukwa okhalamo si amodzi, amangogona nyumba imodzi. Wina amathawa mphepo ya lichero, wina amathawa dzuwa, wina amathawa moto. Koma chokhachokha, muchisinje, muchiphike, chilibe woti chisiyane naye. Inu mumafunsa maso. Maso amangoona khoma la nyumba."

Dzuwa linali litapendeka. Ntchefu anaimirira kuti agamule, koma Kakowa anadzigwetsa patsogolo pake. Mawu ake tsopano anali aang'ono.

"Amfumu, ndagonja. Mchere ndi wabwino. Koma chinthu chimodzi chokha, chifukwa cha ulemu wa dziko lino. Mayiyu asapite kukachisi ali chonchi. Akasambe kaye, kapena nsembeyi anyamule wina wooneka bwino. Mizimu idzati tilibe anthu aukhondo?"

Ena anang'ung'udza movomereza, chifukwa kunena zoona Nachanza tsikulo anali woopsa: matope akale, phulusa latsopano, ndi mizere ya thukuta kudutsa pakati. Ntchefu anamuyang'ana.

"Mayi Nachanza, mwina mungatsukeko kumaso kokha?"

Nachanza anaimirira pamiyendo yake yonse isanu ndi itatu. Sanakweze mawu.

"Amfumu, mwadya mchere wanga zaka zingati?"

"Kuyambira ndili namwali. Poyamba wa amayi anu, kenako wanu."

"Munalumapo mchenga?"

"Ayi."

"Munapezamo thope?"

"Ngakhale kamodzi."

"Tsono mumayesa linkapita kuti? Mchere umabadwira m'matope, amfumu. Matope mukuwaona pa inewa anali mumchere wanu. Ndimawachotsa tsiku ndi tsiku kuti asafike pakamwa panu, ndipo alibe kwina kokhala, amakhala pa ine. A nduna ndi oyera chifukwa sanayeretsepo kanthu. Ine sindisamba. Mizimu ikafuna kudziwa chifukwa chake mcherewu uli mbee, indiyang'ane."

Aja ankabweza miyendo Nachanza akamadutsa anayang'ana pansi. Kenako Ntchefu, mfumu ya dziko, wokalamba, wa maondo olira, anapinda miyendo yakutsogolo n'kugwada pamaso pa nkhanu.

"Chikungu ndi chanu, mayi, ndi cha ana anu ndi adzukulu anu. Njati achokepo lero, ndipo akututireni dothi loumbira mpaka miphika yanu ikwane. Tsogolani."

Nachanza anatsogola momwe analili, lichero la mchere atalikweza m'mwamba ndi manja onse awiri. Anayenda cham'mbali, kuti a kumanzere amuone kumsana ndipo a kumanja amuone kumaso, matope onse aonekere, ndipo ana ake anatengera mayendedwe omwewo. Mfumu inali pambuyo pake, dziko lonse pambuyo pa mfumu. Kumapeto kwenikweni kunali Kakowa, akudzipukuta miyendo pa udzu uliwonse umene ankadutsa. Mwaye uja sunachoke. Mpaka lero mukamupeza ataima m'madzi tsiku lonse, woyera pamwamba, wakuda kumiyendo, musamufunse chimene akutsuka.

Nthano yanga yaphwera pamenepa. Amene wasiya mphika pamoto akauone, ungapserere.